Namapopa Wosamwa Magazi

Mu 2015 magazini ya ku America yotchedwa Nightmare idasindikiza nkhani yaifupi ya Alyssa Wong, "Hungry Daughters of Starving Mothers". Nkhaniyi idapata mphoto ya Nebula, kenaka mu 2016 idalandiranso ya World Fantasy. Mpangankhani wamkulu ndi Jen, mtsikana wa mumzinda wa New York amene chakudya chake ndi maganizo oipa a anthu. Tsiku lina adapita kokacheza ndi Harvey, mwamuna wooneka bwino koma amene mumtima ankakonza zomupha. Jen adayamwa maganizo onse a chigawengacho, ndipo kuyambira pamenepo chakudya china chilichonse chidasiya kumukoma.

Anzanga okonda zolembalemba amene ndakambirana nawo nkhaniyi sagwirizana chimodzi. Ena akuti Jen si namapopa konse poti samwa magazi ngati Dracula wa m'buku la Bram Stoker la 1897. Awa sindilimbana nawo kwambiri. Namapopa timamudziwa chifukwa amakhala ndi moyo pofoola mnzake, ndipo Jen akuchita zomwezo.

Amene andipatsa ntchito ndi aja omuombera Jen m'manja. Iwo akuti Harvey wakumana nazo, ndipo nkhaniyi ikubwezera m'malo mwa amayi onse ochitiridwa nkhanza. Chisangalalo chawo nchomveka, koma ndikuona kuti adalekera panjira. Mlembi akutikopa dala kuti tikhale mbali ya Jen pamene akulanga wakupha, kenaka akutionetsa mtengo wake. Njala ya Jen ikukula, akuyamba kutalikirana ndi Aiko, bwenzi lake lapamtima, mpaka akugwa m'manja mwa Seo-yun, namapopa mnzake wopanda chisoni. Tsinde la nkhani lili pamutu pake pomwe: ana aakazi anjala obadwa kwa amayi osowa chakudya. Mayi ake a Jen, amene amakhala ku Flushing, nawonso ali ndi njala yomweyi, ngakhale amayesa kuipondereza. Make mbuu, mwana mbuu. Funso la Wong ndi lakuti, kodi munthu wodya zoipa za ena angathe kupewa kusanduka woipa?

Palinso ena amene akuti nkhani zotere nzosayenera kwathu kuno. Akukumbutsa kuti mu 2017 mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndiponso kuti mphekesera zomwezi zidavutapo mu 2002 ndi 2003. Mantha awowa ndimawalemekeza, pakuti imfa zija sizidali zopeka. Komabe mphekesera ndi nkhani yopeka zimagwira ntchito mosiyana. Mphekesera imaloza mlendo nkunena kuti chilombo ndi uyo, ndipo anthu amatola miyala. Wong akutilowetsa m'mutu mwa chilombocho, nkhani yonse akutiuza ndi Jen mwini wake, mpaka wowerenga amazindikira kuti nayenso adakomedwa pamene Harvey ankafooka. Munthu amene wadzipeza akusangalala limodzi ndi namapopa sathamangira kugenda mnzake.

Ife alembi a Chichewa tazolowera kumaliza nkhani ndi phunziro loonekeratu, mfiti italangidwa, mudzi utakhala pamtendere. Nkhani ya Wong imatha Jen akuvutika kuti apulumutse Aiko, ndipo wowerenga satsimikiziridwa kuti zitheka. Nchifukwa chake anzanga aja akukanganabe, ndipo ine ndikuti mkanganowo ndi umboni woti oweruza a mphoto zija sadalakwitse.