Kubisa Mtima: Luso la Mabuku a Zaupandu ndi Alembi a ku Romford

Romford ndi tawuni ya kum'mawa kwa London. Inali mbali ya Essex mpaka mu 1965 pamene inaikidwa pansi pa khonsolo ya Havering, ndipo msika wake, umene Mfumu Henry III inauvomereza mu 1247, ukadalipo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mabanja ambiri a ku East End ya London anasamukira m'derali, ena m'nyumba zatsopano za ku Harold Hill, atasenza kalankhulidwe kawo ndi mbiri za zigawenga za kwawo. Kimberley Chambers, amene anagulitsapo katundu pamsika, kuyendetsa takisi ndi kuika nyimbo m'malo ovinira asanatulutse buku lake loyamba, Billie Jo, mu 2008, wakhala ku Romford zaka zambiri. Martina Cole, mlembi wa Dangerous Lady la mu 1992, anakulira ku Aveley, kufupi komweko. Mabuku a amayi awiriwa amagulidwa mwaunyinji, ndipo akawerengedwa amakathera m'mashopu a kaunjika a mabungwe achifundo, moyandikana ndi mabuku akale a ku America amene anayambitsa mtundu wonsewu wa nkhani za upandu.

Chokwiyitsa n'chakuti mabuku otere amayesedwa ndi miyeso iwiri yopanda pake. Osindikiza amamata dzina lakuti noir pa buku lililonse lokhala ndi mtembo ndi msewu wonyowa, ndipo owerenga ena amaona ngati nkhani yolimba ndi imene yaphetsa anthu ambiri. Osonkhanitsa mabuku nawo amangofunsa chaka chosindikizira ndi kuona ngati chikuto chili bwinobwino, kenaka buku n'kulikuta m'pulasitiki osalitsegula n'komwe. Magulu onsewa sanafike pamene pagona luso. Lagona pa kudziletsa kwa mlembi, kukana kuulula za mumtima mwa munthu amene akumulemba.

Kalembedwe aka kanakulira m'magazini ya Black Mask, imene inayamba mu 1920 ndipo kuchokera mu 1926 inali m'manja mwa mkonzi Joseph Shaw, munthu wodana ndi mawu okometsera. Alembi ankalipidwa powerengera mawu, choncho zikanawapindulira kutalikitsa ziganizo. Opambana mwa iwo anazifupikitsa. Dashiell Hammett anali atagwirapo ntchito yofufuza milandu ku kampani ya Pinkerton, kumene lipoti limanena zimene wofufuza waona ndi kumva basi, ndipo mwambo wa lipotiwo anaubweretsa m'nkhani zopeka.

The Maltese Falcon, la Hammett la mu 1930, ndiye chitsanzo chosayerekezeka. M'buku lonselo mlembi salowa m'mutu mwa wofufuza milandu Sam Spade ngakhale kamodzi. Usiku foni ikulira kumuuza kuti mnzake wa pa ntchito, Miles Archer, waphedwa. Spade akuyankha mawu owerengeka, n'kukhala pansi, n'kuyamba kupichira fodya, ndipo Hammett akutsatira zala zakezo modekha ngati palibe china chachitika. Atafika pamalo pamene mnzakeyo waphedwera, akukana kutsika kukaona mtembo pafupi. Kutacha akulamula kuti dzina la malemuyo lifufutidwe pachitseko cha ofesi. Wowerenga watulukira kale kuti Spade anali pa chibwenzi ndi mkazi wa Archer. Kodi ndi chisoni chobisika, manyazi, kapena kuuma mtima? Mlembi wakhala chete, ndipo kukhala cheteko ndi kumene kumamugwira wowerenga mpaka pamene Spade akupereka Brigid O'Shaughnessy, mkazi amene anapha Archer, kwa apolisi. Ngakhale pamenepo, pamene akutchula zifukwa zake chimodzichimodzi, palibe chotsimikizira kuti chifukwa chenicheni chili pakati pa zimene watchulazo. Ntchito yotere n'njokoma mosaneneka, ndipo zaka zoposa 90 sizinaichotse mchere.

Amene anakhalapo pa bwalo la milandu kwa mfumu sangavutike kuzimvetsa. Nduna sizitsegula chifuwa cha woimbidwa mlandu. Zimaona m'mene wakhalira, kumene wagwetsa maso, funso limene walizemba, ndi amene sanafune kumutchula dzina. Chigamulo chimachokera m'zimenezo. Hammett amamukhazika wowerenga pa mpando wa nduna. Mlembi amene amalemba kuti munthu uja anagwidwa ndi chisoni chachikulu wamulanda wowerenga mpandowo, n'kumusandutsa mwana wouzidwa zochita.

Wina angatsutse kuti noir yeniyeni imalankhula kuchokera m'kamwa mwa wolakwayo, ndiye mtima ubisika bwanji? Umabisika kwambiri. Mu The Postman Always Rings Twice, la James M. Cain la mu 1934, wofotokoza nkhani ndi wakupha amene akudikira kunyongedwa, koma amangoyala zimene anachita, mofulumira, ngati munthu wothawa kudzifunsa. Mu Double Indemnity, la Cain yemweyo, wogulitsa inshuwalansi akudziwa kuti imfa ya pa ngozi ya sitima imalipidwa kawiri, ndipo amafotokoza chiwembu chake ndi mawu a ntchito yake, a mapepala ndi siginecha. Lou Ford wa Jim Thompson mu The Killer Inside Me, la mu 1952, ndi wapolisi wobisala kuseri kwa mawu otopetsa amene amabwereza dala, ndipo zimene amauza wowerenga sizodalirika. Wowerenga akadali pa mpando wa nduna, kungoti tsopano mboni ndi yabodza. Raymond Chandler, amene anaphunzira ku Dulwich College kumwera kwa London, anali katswiri, koma mafanizo ake amachuluka mpaka wofufuza milandu wake, Philip Marlowe, amamveka ngati munthu wodziwa kuti anthu akumumvetsera. Mickey Spillane ndi phokoso chabe. Mabuku ambiri a ku Scandinavia amene adzaza mashelefu masiku ano amathera masamba mazana kufotokoza kusowa tulo kwa wapolisi wawo.

Amalawi ambiri analowa m'mabuku amenewa kudzera pa khomo la James Hadley Chase. Dzina lake lenileni linali René Raymond, wobadwira ku London mu 1906, ndipo America ya m'buku lake la No Orchids for Miss Blandish, la mu 1939, anaimanga ndi mapu komanso dikishonale ya zilankhulo za m'misewu. George Orwell analidzudzula kwambiri bukuli mu 1944 chifukwa cha nkhanza zake. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, mabuku a Chase osindikizidwa ndi kampani ya Corgi, a zithunzi za akazi pachikuto, ankayenda m'manja m'manja m'masekondale ogonera pomwepo, limodzi ndi a Pacesetters a kampani ya Macmillan. Chase sanali Hammett, ndipo nkhani zake zimabwerezabwereza. Koma anagwira chinthu chimodzi molimba. Munthu wake ndi wamba wa ngongole, wogulitsa galimoto kapena kalaliki wa ku banki, amene waona ndalama zambiri pafupi ndi dzanja lake. Chase satha nthawi kufotokoza chikumbumtima. Amaonetsa thukuta ndi kuwerengera, ndipo wowerenga wa ku Zomba kapena ku Mzuzu, wodziwa kutalika kwa mwezi malipiro akatha, sanafunikire womasulira.

Apa ndi pamene alembi a ku Romford ayenera kuyesedwa mwachilungamo, osati ndi kunyoza kumene olemba ndemanga ena amawapatsa. Mphatso yawo n'njeniyeni. Cole anaika mkazi, Maura Ryan, pamtima pa ufumu wa zigawenga pa nthawi imene akazi m'mabuku otere anali nyambo kapena mitembo. Chambers, mu The Trap la mu 2013, anapanga Queenie Butler, mayi wa ku Whitechapel amene chikondi chake pa ana ake aamuna ndi chimene chimawaononga. Makambirano a Chambers ali ndi khutu la pamsika. Anthu ake amanyozana, kutamandana ndi kuopsezana m'mpweya umodzi, monga amachitira ogulitsa amene akhala moyandikana zaka zambiri. Zimenezi sizikopedwa m'buku la wina.

Chomvetsa chisoni n'chakuti makambirano abwinowo akangotha, mlembi amabwera kudzafotokoza zimene aliyense anamva mumtima. Mutu wa munthu aliyense umatsegulidwa, kawirikawiri angapo pa tsamba limodzi, ndipo buku limene likanakwana masamba 200 limatupa mpaka kupyola 400. Amenewa ndi mabuku a mbiri za mabanja, otsatira agogo, ana ndi zidzukulu, ndipo owerenga awo amawakonda chifukwa chomwecho. Kuwatcha noir n'kuwanamizira. Kuti Mngelezi angathe kubisa mtima m'chilankhulo cha kwawo zinaoneka kale mu Jack's Return Home la Ted Lewis, la mu 1970, limene linasanduka filimu ya Get Carter. Jack Carter akubwerera kwawo kumpoto kudzaika maliro a mchimwene wake, ndipo chisoni chake chimaoneka m'mafunso amene akufunsa anthu ndi m'mene akuwafunsira.

Vuto lomweli lili m'zolemba za ku Malawi. Aubrey Kalitera, amene anatulutsa A Taste of Business mu 1976 ndipo pambuyo pake anayamba kudzisindikizira yekha mabuku, anaonetsa kuti msika wa nkhani zothamanga ulipo. Koma nkhani zambiri za upandu za m'Chichewa, za m'manyuzipepala ndi za m'mabuku a sukulu, zimathamangira kupereka phunziro, wakuba n'kulapa pa tsamba lomaliza. N'zodabwitsa, chifukwa Chichewa ndi chilankhulo cha zining'a ndi mikuluwiko, chimene munthu amatha kukana pempho, kuopseza kapena kulengeza maliro osatchula chinthucho. Zida za Hammett zili kale m'kamwa mwa ankhoswe ndi a kubwalo.

Kusonkhanitsa mabuku amenewa kuyenera kutsata luso lomweli. The Maltese Falcon losindikizidwa koyamba ndi kampani ya Knopf, lokhala ndi chikuto chake chapepala, limagulidwa madola zikwi makumi angapo, koma mawu ake ndi omwewo a m'kabuku kakale ka pa kaunjika. Shelefu yanzeru imamangidwa motsata m'mene kalembedwe kanayendera. Imayamba ndi Hammett ndi Cain, n'kudzera pa timabuku ta Gold Medal, timene kuyambira mu 1950 tinkatulutsa nkhani zatsopano m'zikuto zofewa, n'kufika kwa Chester Himes, Mmerika wakuda amene analemba za apolisi a ku Harlem atapemphedwa ndi Marcel Duhamel, mkonzi wa mabuku a Série noire ku Paris. Chase, Lewis, Cole ndi Chambers amabwera pambuyo pake, kuti kusiyana kuoneke poyera. Mabuku a Chase amene ankazungulira m'masukulu nthawi zambiri ankafika kwa wowerenga wakhumi masamba omaliza atathothoka, ndipo umenewu ndi muyeso wabwino kwa wogula. Buku limene mtengo wake wonse uli pa kudziwa amene anapha limafa masamba amenewo akasowa, pamene la Hammett kapena la Cain limawerengekabe.

Timabuku ta zikuto zofewa tinasindikizidwa pa pepala lotchipa la asidi, limene limasanduka lofiirira ndi kufufutuka, ndipo guluu wa kumsana amauma n'kusweka. Ku Romford mdani wake ndi chinyezi cha m'magalaja ndi m'zipinda za kudenga. Ku Malawi ndi chiswe, njenjete ndi dzuwa la pa zenera. Timabukuti tiyenera kuimikidwa mosapanikizana pa malo ouma, kutali ndi khoma lakunja, ndipo powerenga tisapindidwe mpaka zikuto ziwiri kukumana. Selotepi imadya pepala n'kusiya banga losachoka, choncho tsamba lothothoka ndi bwino kungolibwezera pamalo pake osalimata.