Kalata Ija Tidangoimva Khutu Limodzi

Mwezi wathawu ndidapita kumudzi ku Mtakataka kukazonda malume anga amene akuvutika miyendo. Tikucheza pakhonde, iwo adatuma mwana kukatenga chikwama chachikale m'chipinda, ndipo adasololamo kabuku kopyapyala, kothimbirira, m'mphepete modyedwa ndi chiswe. Akuti kabukuka kadagona miyezi ingapo m'denga la nkhokwe, poti masiku amenewo kupezeka nako udali mlandu woukira boma. Idali kalata ija ya maepiskopi a Katolika imene idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti. Pachingerezi adaitcha Living Our Faith.

Ine chaka chimenecho ndidali kumbuyo kwa mayi. Monga anzanga ambiri amsinkhu wanga, kalatayi ndakhala ndikuidziwa ngati m'mene timamudziwira Napolo: mbiri yokha, kumuona ayi. Tsono usiku umenewo ndidaiwerenga kawiri, ndipo ndabwera kudzanena kuti zimene timaikumbukira chaka ndi chaka ndi theka chabe la zimene idanena.

Tiyambe ndi kalembedwe. Munthu wozolowera ndakatulo za nthawi ya Kamuzu amadabwa kuona kuti kalatayi ilibe mikuluwiko. Jack Mapanje, m'buku lake la 1981 lija Of Chameleons and Gods, ankayenda ngati bilimankhwe, kusintha mtundu pa nthambi iliyonse kuti oyang'anira mabuku asamugwire, komabe adakathera ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. Maepiskopi adachita zosiyana. Ziganizo zawo n'zachidule, mawu ake ndi aulemu, satchula dzina la munthu, satchula n'komwe matipate. Mphamvu yake idali pamenepo: kunena poyera, masana dzuwa likuswa mtengo, zimene aliyense ankanong'ona kubafa. Komanso idalembedwa kuti imvedwe ndi makutu. Gogo wosadziwa kuwerenga wa ku Mua adaimva tsiku limodzi ndi mphunzitsi wa ku Chancellor College, chinthu chimene ndakatulo yachingerezi yosindikizidwa ku London sikadatha kuchita. Boma lidazindikira msanga. Maepiskopi adaitanidwa kupolisi ku Blantyre, Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu adapitikitsidwa m'dziko, ndipo makina a Montfort ku Balaka, kumene kalatayi idasindikizidwa, adawayatsa moto.

Zimenezi mukuzidziwa. Chimene ambiri mwaiwala n'chakuti kalatayi isadafike pa nkhani ya ufulu wolankhula ndi anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, imayamba yakhalitsa pa nkhani ya m'thumba ndi m'mimba. Ikudandaula za phompho limene linkakula pakati pa olemera ndi osauka. Ikunena za malipiro osakwanira kudyetsa banja, za mitengo yolira imene mlimi ankalandira pa mbewu zake, za ana othithikana m'kalasi ndi zipatala zoperewera. Kwa malume anga, amene moyo wawo wonse akhala akulima thonje ndi chimanga kuchigwa kuno, kalata yeniyeni idali imeneyo. Zinazo zidali ndiwo.

Kuti timvetse kulira kumeneku tiyenera kufunsa kuti chuma cha Kamuzu chidali chamtundu wanji. Pakamwa, Ngwazi idali mdani wa sosholizimu. Mu 1964 idakangana ndi nduna zake, mwa zina chifukwa cha thandizo la dziko la China ndi tiki imene odwala adayamba kulipira kuchipatala. Mu 1967 idagwirana chanza ndi boma la tsankho la South Africa. Attati Mpakati, mtsogoleri wa gulu la sosholizimu la LESOMA, adaphulikiridwa ndi bomba la m'kalata ku Maputo mu 1979, n'kudzaphedwa ku Harare mu 1983. Azungu a kumadzulo ankaomba m'manja, amvekere uyu ndi wathu. Koma kumunda kunalibe msika waufulu. ADMARC, imene idakhazikitsidwa mu 1971, ndiyo inkagula mbewu za alimi ang'onoang'ono pa mtengo woika boma, ndipo phindu lake lambiri linkathera ku maesiteti a fodya ndi ku Press Holdings, kampani ya mwiniwake dziko. Mlimi wamba sankaloledwa kulima fodya wa bale. Kodi zimenezi tizitche kapitolizimu? Sosholizimu? Ine ndimati adatenga chikwapu cha uku ndi thumba la uko n'kupatsa munthu mmodzi.

Sosholizimu yeniyeni anthu a kuno adaionera patali, ndipo siidawakope. Kuseri kwa mapiri a Dedza, Frelimo idakusa anthu m'midzi yokakamiza, Renamo n'kubwera ndi mfuti za South Africa kudzaotcha midziyo, ndipo othawa nkhondo adadzaza Dedza ndi Ntcheu. Munthu amene waona zotere sungamuuze za ubwino wa munda wa onse.

Apa ndi pamene ndikuipezera chifukwa kalatayi, ngakhale ndikuilemekeza. Ikupempha mtengo wachilungamo, koma sikunena kuti aziika ndani. Ikudandaula kuti chuma chili m'manja mwa ochepa, koma siyerekeza kufunsa kuti chikachoka m'manja amenewo chipite kuti. Mwina nthawi sinkalola, poti zochepa zomwezo zidatsala pang'ono kuwadyetsa ng'ona. Mwinanso ankatsata mzere wa Papa Yohane Paulo Wachiwiri, amene adacheza m'dziko muno mu 1989, ndipo mu 1991 adalemba Centesimus Annus, yovomereza msika bola ukhale ndi malamulo ouweta. Kaya. Koma mpata umene maepiskopi adausiya, ena adaulowa msanga. Mu Meyi 1992 maiko opereka thandizo adakumana ku Paris n'kuimitsa thandizo lina kufikira ufulu wa anthu utalemekezedwa. Tidawathokoza, ndipo m'pake. Koma khoma la Berlin lidali litagwa mu 1989, ndipo iwowa adali ndi yankho lawolawo pa funso limene kalata idasiya: tsegulani msika, gulitsani makampani a boma, chotsani thandizo la feteleza. Demokalase idabwera atatimangira mtolo umodzi ndi zimenezi, ngati kaunjika amene sulola kusankha.

Inu a m'tauni mumakonda kutiseka kuti pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 chigawo chapakati, ndi Dedza yemwe, ambiri adavotera tambala wakuda m'malo mwa nyali. Mumati mantha, mumati umbuli, mumati kwawo kwa a Tembo. Zina mwa izo n'zoona. Koma ndikuganiza kuti padalinso nzeru ya mlimi. Munthu amene sikelo ya boma inkamubera ankadziwa kuti sikeloyo ibwera chaka chilichonse, ndipo pa Febuluwale chimanga achipeza padepoti. A nyali ankamulonjeza ufulu, koma sadamuuze amene adzagule thonje lake.

Taonani m'mene zidayendera. Mu Febuluwale 1994 kwacha adaisiya kuti iziyandama payokha, n'kumira. Pakati pa zaka za m'ma 1990 thandizo la feteleza lidachotsedwa. Lamulo logulitsa makampani a boma lidadza mu 1996, njanje yodutsa pa Golomoti ndi Mtakataka pano idapita m'manja mwa kampani mu 1999, ndipo David Whitehead, fakitale ya nsalu imene antchito ake adayambitsa sitalaka ya Meyi 1992, idagulitsidwa mu 2003. Chimanga cha m'nkhokwe za dziko chidagulitsidwa, njala ya 2002 n'kutipeza manja ali m'khosi. Mpaka lero boma la nthawiyo ndi IMF amalozana zala. Chodabwitsa n'chakuti chinthu chachikulu chimene a Bakili Muluzi, munthu wa bizinesi, adachitira osauka chidali chonunkhira sosholizimu: sukulu yaulere ya pulayimale mu 1994, imene idakweza chiwerengero cha ana kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ndipo a Bingu wa Mutharika, amene adagwirako ntchito ku World Bank, adapambana chisankho cha 2009 ndi makuponi a feteleza amene adayambitsa mu 2005, mabwana akunja akukwinya nkhope. Eti abale, voti ya Mmalawi yakhala ikupempha boma kuti lilowerere pamsika, pamene ngongole zathu zikulamula boma lomwelo kuti lichokepo.

Ndidayenda tsiku lina kukaona sikimu ya mpunga ya Bwanje, mahekitala pafupifupi 800 othiriridwa ndi madzi a mtsinje wa Namikokwe, yomangidwa ndi ndalama za dziko la Japan. Amene akufuna kukangana za kapitolizimu ndi sosholizimu asiye mabuku apite kumeneko. Madzi a mumngalande alibe mwini mmodzi. Wakumtunda akatseka, wakumunsi alira, choncho alimi amayenera kukhala pansi, kusankha komiti, kugawana masiku othirira ndi kupalira ngalande pamodzi. Amakangana, amanenana zakuba, ena amazemba ntchito, koma chaka chikatha amakumananso chifukwa palibe kothawira. Demokalase yoposa iyi sindidaione ku Nyumba ya Malamulo. Koma mpunga ukangolowa m'thumba, aliyense amaima yekha pamaso pa venda ndi sikelo yake, ndipo amene adakongola katapila nthawi yookera wagulitsa kale mpunga usadache. Kumunda ali pamodzi, kumsika ali yekhayekha. Ukapita chakummwera pang'ono, pa Golomoti, upeza magalasi a dzuwa a kampani ya JCM ya ku Canada, amene kuyambira 2022 akupanga mamegawati 20 n'kugulitsa ku ESCOM. Ndalama za boma sizikadamanga zimenezo, tisanamizane. Koma madzulo ukayang'ana m'midzi yozungulira, muuni umene umaoneka kwambiri ndi wa tochi.

Tsono mlandu wina ndikuupereka kwa ife alakatuli. Kamuzu adatipatsa mdani wokhala ndi nkhope, chipewa ndi litchowa, ndipo tidamulembera bwino. Steve Chimombo adafika poitanitsa riferendamu ya nyama za m'nkhalango mu 1993. Koma mdani wopanda nkhope watisowetsa mawu. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndakatulo zimene ndidamva pawailesi ndi pa WhatsApp zambiri zidali zotukwana munthu, kapena zoseketsa, kapena zopempha Mulungu. Zofotokoza m'mene thumba la mpunga limachepera pakati pa Bwanje ndi Lilongwe sindidazimve, ndipo inenso sindidalembe. Oimba adatiposa. Lucius Banda adatulukira m'ma 1990 akudzitcha mwana wa munthu wosauka, anthu n'kumumva chifukwa ankaimba za m'thumba. Kenaka ndale zidamuitana monga zidaitanira Du Chisiza.

Za ufulu wosankha tapita patali, ndipo sindikuchepetsa. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti lidafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, dziko lonse lapansi n'kutiyamikira. Pa 16 Sepitembala 2025 anthu adachotsa a Lazarus Chakwera n'kubwezera a Peter Mutharika amene adawachotsa mu 2020, ndipo nkhani m'mizere yovotera idali mtengo wa chimanga, feteleza ndi mafuta. Chimene chikundiopsa n'chakuti mlimi akasintha boma kachitatu, kachinayi, sikelo osasintha, adzayamba kuiona voti ngati mbewu ina yogulitsa kwa venda. Lamulo la zipani la 2018 lidaletsa kugawa ndalama pa kampeni, koma lamulo silitseka dzanja la munthu wanjala. Ndipo ndamvapo anyamata a kabaza pa Mtakataka Turn-off, obadwa Kamuzu atamwalira kale, akunena kuti bola nthawi ya Ngwazi.

M'mawa mwake ndidawabwezera malume kabuku kawo n'kuwafunsa ngati akuganiza kuti maepiskopi adapambana. Adaseka, nati tsopano atha kuima pamsika n'kutukwana pulezidenti mpaka mawu kusasa, palibe angawagwire. Kenaka adandifunsa ngati ku Lilongwe ndikudziwako munthu wogula mpunga pa mtengo wabwinoko, poti matumba awo asanu ndi limodzi akadali m'nyumba ndipo anankafumbwe ayamba.