Zimbale Zitatu ndi Khutu la Mphunzitsi wa ku Chitipa

Munthu woyenda pa msika wa pa boma la Chitipa, malo amene pa nthawi ya atsamunda ankatchedwa Fort Hill, amamva nyimbo za maiko atatu nthawi imodzi. M'sitolo ina mukulira nyimbo za Chiswahili za ku Tanzania, m'sitolo inzake za Chibemba za ku Zambia, ndipo mnyamata wa kabaza akudutsa ndi nyimbo ya Chichewa m'lamya yake. Ana a sukulu amamva zonsezi popita ndi pobwerera, ndipo zimene atola m'njira amalowa nazo m'kalasi. Chifukwa chake mphunzitsi amene watumizidwa ku boma limeneli asanene kuti nkhani ya zimbale ndi ya anyamata okha. Ayenera kudziwa kusiyanitsa nyimbo yokoma ndi nyimbo yongotchuka, pakuti ana adzamfunsa, ndipo yankho lake lidzawakhala m'mutu.

Zimbale zili m'magulu awiri. Zina ndi za mu mseu waukulu: zimamveka pa wailesi, pa ukwati ndi m'minibasi, ndipo aliyense amazidziwa. Zina ndi za m'tinjira: oimba ake amadzijambulitsa okha kapena ndi timakampani tating'ono, ndipo wozifuna amachita kuzisaka. Pali anthu amene amayamika nyimbo chifukwa chakuti yatchuka, ndiponso pali ena amene amainyoza pa chifukwa chomwecho. Onsewa ndi aulesi pa kumvera. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nyimbo nayo imafuna womvera wodekha, amene afunsa mafunso atatu: Mawu ake akunena chiyani? Ng'oma yake ikuyenda bwanji? Nanga woimbayo akuimbira yani?

Muyeso wa Kumudzi

Mwana wa ku Chitipa sabwera ku sukulu ali wosadziwa kuweruza nyimbo. Asukwa, Andali ndi Abandya ali ndi gule wotchedwa Mwinoghe, amene bungwe la UNESCO lidamlemba m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse m'chaka cha 2018. Pa gule ameneyu amuna amaima mzere wao, akazi mzere waonso, ndipo palibe kuimba konse. Chimene chimamveka ndi ng'oma zitatu, wenzulo ndi mawu a mtsogoleri wolamula ovina. Mwana amene wakula akuona zotere amadziwa kuti ng'oma imalankhula payokha, ndi kuti ng'oma zitatu siziyenera kunena chinthu chimodzi. Umenewu ndi muyeso wabwino, ndipo ndi umene uyesedwe nawo zimbale zitatu zili m'munsizi.

Son of a Poor Man, cha Lucius Banda

Ichi ndi chimbale cha mu mseu waukulu. Lucius Banda, amene adamwalira pa 30 June 2024, adakulira ku Balaka m'gulu la Alleluya Band pamodzi ndi mkulu wake Paul Banda. Chimbale chake choyambachi chidatuluka pa nyengo imene dziko linkachoka mu ulamuliro wa chipani chimodzi, ndipo nyimbo ya Mabala idanena poyera zowawa zimene anthu adazisunga m'mtima zaka zambiri.

Mphamvu ya chimbalechi ili m'mawu. Chichewa chake ndi cha pabwalo, chopanda zokometsera zambiri, chomveka kwa nkhalamba ndi kwa mwana yemwe. Woimbayo sathamanga, amatchula liwu lililonse kuti limveke, ndipo mphunzitsi wa Chichewa angaphunzirepo kanthu pa kalankhulidwe kotere. Pa funso lachitatu palibenso chikaiko: iye ankaimbira anthu osauka a m'dziko lake, ndipo iwo adamlandira namutcha msilikali wao.

Komatu pa ng'oma chimbalechi n'chopepuka. Maimbidwe a ku Balaka adatsamira pa kiyibodi ndi pa kugunda kwa reggae kosasinthasintha, kotero kuti munthu akachotsa mawu, nyimbo zingapo zimafanana ngati ana a mimba imodzi. Cholakwa chachikulu si cha Lucius Banda mwini, koma cha ambiri amene adamtsata: adatenga kiyibodi nasiya kulimba mtima kwa mawu, ndipo kwa zaka zambiri wailesi idadzala ndi nyimbo zokhala ngati nsima yopanda ndiwo.

Wasalala, cha Madalitso Band

Ichi ndi cha m'tinjira. Oimba ake ndi awiri okha, amene adayamba ndi kuimba m'miseu ya mu Lilongwe. Yobu Maligwa amatsogolera nyimbo akuliza babatoni, choimbira cha nsambo imodzi chokhala ndi mtengo wautali ndi bokosi lokutidwa ndi chikopa. Yosefe Kalekeni amaliza gitala la nsambo zinayi uku akugunda ng'oma ndi chidendene. M'chaka cha 2017 adakaimba pa chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo mu 2019 kampani yaing'ono ya Bongo Joe ya ku Geneva idatulutsa chimbalechi. China chotchedwa Musakayike chidatsatira mu 2022.

Pa muyeso wa Mwinoghe chimbalechi chimapambana. Palibe makina ogunda m'malo mwa munthu. Babatoni amayenda njira yake, gitala njira yake, chidendene chikusunga nthawi, ndipo zitatuzi zimalukana monga ng'oma za pa bwalo la gule. Womvera amamva kuti pali dzanja ndi phazi la munthu wamoyo. Kwa mwana wa sukulu ya kumudzi phunziro lake n'lalikulu: nyimbo yofika kutsidya la nyanja ingathe kutuluka m'waya, m'thabwa ndi m'chikopa, zinthu zopezeka kuseri kwa nyumba.

Zofooka zake zilipo ziwiri. Choyamba, liwiro la nyimbo zambiri n'limodzi, ndipo mawu amabwerezedwa kwa nthawi yaitali. Pa bwalo lovinira zimenezi zimakoma, koma womvera wokhala pansi amatopa chimbale chisanathe. Chachiwiri si cha oimbawo, koma cha malonda. Chimbale chotuluka ku Ulaya chimafika msanga m'makutu a Azungu kuposa m'makutu a ku Misuku kapena ku Nthalire. Nkhaniyi si yatsopano. M'zaka za m'ma 1950 Hugh Tracey adayenda m'dziko la Nyasaland akujambula nyimbo za m'midzi, ndipo zojambulazo zidakasungidwa ku South Africa, kutali ndi adzukulu a oimbawo. Mlendo amathandiza posunga, koma funso lakuti nyimbo ikuimbidwira yani limatsalabe.

Zani Muwone, cha Wambali Mkandawire

Chimbale chachitatuchi chili pakati pa mseu ndi kanjira. Wambali Mkandawire, wa ku Rumphi, amene adamwalira mu January 2021, adachijambula ku South Africa ndipo chidatuluka m'chaka cha 2002. Iye adatenga kagundidwe ka ng'oma za kumpoto nakaphatikiza ndi jazi, ndipo nyimbo zake zambiri adaziimba m'Chitumbuka, zambiri mwa izo zonena za chikhulupiriro chake.

Mwa zitatuzi ichi ndicho chomangidwa mwaluso koposa. Ng'oma, malipenga ndi mawu a ovomereza zili ndi malo akeake, ndipo nyimbo imakula pang'onopang'ono monga nyumba yomangidwa ndi mmisiri wodziwa. Munthu akaimva kachitatu amapezamo zimene sadazimve poyamba. Kufunika kwake kwina kuli m'chilankhulo. M'chaka cha 1968 Chichewa chidakhala chilankhulo cha dziko lonse ndipo Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ya boma, kufikira chitabwezedwa mu 1994. Tsono munthu woimba Chitumbuka mosachita manyazi, namveka nacho kunja kwa dziko, adaonetsa kuti chilankhulo chilichonse chingathe kusenza nyimbo yolemera.

Chilema chake nchakuti chimafuna womvera wokhwima. Nyimbo zake n'zovuta kuti ana ang'ono aziimbe, ndipo kusalala kwa majambulidwe ake nthawi zina kumachotsa fumbi la pa bwalo limene limamveka mwa Madalitso Band.

Chimene Chikusowa

Poika zitatuzi pamodzi chiweruzo chili chotere: Lucius Banda adapambana pa mawu, Madalitso Band pa ng'oma, Wambali Mkandawire pa kamangidwe ka nyimbo. Kutchuka kapena kusatchuka sikudathandize kanthu pa chiweruzochi. Koma pali chinthu chimodzi chimene mwana wa ku Chitipa adzachiona msanga: oimba atatu onsewa si a kwao, ndipo sakuimba m'Chilambya, m'Chindali, m'Chisukwa kapena m'Chinyika. Mwana amene amamva Chiswahili pa msika, Chichewa ndi Chingerezi m'kalasi, angayambe kuganiza kuti chilankhulo cha amake n'choyenera kumunda ndi pa maliro basi. Ganizo lotere likamera mwa mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri n'lovuta kulizula, ndipo chilankhulo chimene ana aleka kuimbira sichichedwa kufota.

Apa ndi pamene pali ntchito ya mphunzitsi. Iye sangathe kujambula chimbale, koma angathe kuchita zinthu zitatu zosafuna ndalama. Choyamba, awamvetse ana nyimbo imodzi yotchuka ndi ina yosatchuka, osawauza mwini wake, ndipo anene okha imene yawakomera ndi chifukwa chake. Yankho lakuti aliyense amaikonda asalilandire. Chachiwiri, awatume kwa agogo ao akatenge nyimbo ya posinja, ya polima kapena yotonthoza mwana, adzaimbe m'chilankhulo chao, kenaka afotokoze tanthauzo lake m'Chichewa. Motero zilankhulo ziwirizo zimathandizana m'malo molimbana. Chachitatu, apange nawo choimbira cha waya ndi chikopa, naitane woimba ng'oma wa m'mudzi kuti adzawaonetse kayendedwe ka ng'oma zitatu za Mwinoghe.

Mphunzitsi wochokera ku Dedza kapena ku Mulanje adzapeza kuti pa phunziro lotere ana akudziwa zambiri kuposa iye. Asachite nazo manyazi, pakuti safunsa adadya phula. Akhale pansi, amvere, alembe mawuwo m'kope mwake monga akumvekera, ndipo tsiku lotsatira ayese kuimba nawo. Ana adzaseka katchulidwe kake, koma adzapita kwao akudziwa kuti nyimbo ya amao yalembedwa m'buku la aphunzitsi.