Banja Losakalamba: Kupenda Sewero la The Simpsons

Pa 17 Disembala 1989 wailesi yakanema ya Fox ku America inayamba kuonetsa sewero la zithunzi zojambula lotchedwa The Simpsons, limene Matt Groening analiyamba mu 1987 monga timasewero tatifupi m'kati mwa The Tracey Ullman Show. Pofika mu 2018 linali litapitirira zigawo 635 za sewero lakale la Gunsmoke. Tsono nkoyenera kufunsa chimene chalisunga zaka zonsezi.

Yankho lili m'mapangidwe ake. M'tauni ya Springfield mulibe wokula. Bart akali ndi zaka 10, Lisa 8, ndipo Maggie akali khanda. Atate wawo, Homer, chinkana agwe m'vuto lotani, sabata yotsatira timawapezanso pa ntchito yawo yoyang'anira chitetezo m'fakitale ya magetsi a nyukiliya, osaphunzirapo kanthu. Pakuti banjalo silisintha, alembi ali nawo ufulu woliyika pakati pa nkhani iliyonse yatsopano, kaya ya sukulu, ya chipembedzo kapena ya ndale, kuti oonera adziseke okha. Kuseka kotere kunaluma ndithu, kotero kuti mu 1992 Pulezidenti George H. W. Bush anati mabanja a ku America azifanana ndi a m'sewero la The Waltons, osati a Simpson.

Koma mphamvu yomweyi ndiyo chilema chake. Anthu a m'sewero amaima pamodzi, koma oonera amakula. Taonani Apu, mmwenye wogulitsa m'sitolo, amene mawu ake ankalankhula ndi mzungu, Hank Azaria. Chimene chinaseketsa anthu mu 1990 chinasanduka chitonzo kwa ana a amwenye obadwira ku America, monga Hari Kondabolu anaonetsera mu 2017 m'kanema wake wa The Problem with Apu. Ndipo mu 2020 Azaria anausiya udindowo. Alembi analephera kumukuza Apu pa nthawi yake, chifukwa lamulo la sewero lawo linali lakuti munthu asasinthe.

Chotero ife ophunzitsa zolembalemba titolepo ichi: munthu wosasintha amathandiza mlembi kudzudzula dziko, koma nthawi ikapita dziko limatembenuka nkuyamba kudzudzula mlembiyo. Wopereka sewero lotere kwa ophunzira awafunse mafunso awiri pa chigawo chilichonse: chinalembedwa chaka chiti, ndipo amene akusekedwa ndani?