Chappie: Mwana Woleredwa ndi Amene Anali Pafupi

Ku Malindi kuno ndi makomo ochepa amene alibe mbale ku Joni. Abambo ndi amalume a ana ambiri amene amadzaza nyumba za vidiyo madzulo ali kumeneko. Motero filimu ya Chappie, imene Neill Blomkamp anatulutsa mu Marichi 2015, ikutikhudza kwambiri, pakuti nkhani yake ikuchitikira ku Johannesburg wam'tsogolo.

Mumzindamo umbanda wafika posauzana, ndipo apolisi agula maloboti ku kampani ya Tetravaal. Injiniya Deon Wilson, gawo limene anasewera Dev Patel, wapanga pulogalamu yopatsa loboti nzeru zoganiza ndi kumva ngati munthu. Bwana wake atamukaniza kuiyesa, Deon aba loboti yowonongeka, koma panjira agwidwa ndi zigawenga zimene zili ndi ngongole ya marandi 20 miliyoni. Lobotiyo itsitsimukira m'manja mwawo, ili ndi maganizo a khanda ndi batire la masiku asanu okha. Ameneyo ndiye Chappie.

Mphamvu ya filimuyi yagona pa Sharlto Copley. Iye anasewera pamodzi ndi anzake, kenaka akatswiri a kompyuta n'kujambula loboti pamwamba pa thupi lake. Tikamaona Chappie akubisala chifukwa cha mantha, kapena akubwereza mawu amene wangomva kumene, timaiwala kuti ndi chitsulo. Ninja ndi Yolandi Visser, oimba a gulu la Die Antwoord, si akatswiri a zisudzo, komabe Yolandi amatigwira mtima pamene akumuwerengera buku ngati mayi. Hugh Jackman anapatsidwa gawo la msilikali wakale wanjiru, lopanda kuya kulikonse, ndipo luso la Sigourney Weaver, yemwe ndi bwana uja, linangotayika.

Funso lenileni la filimuyi ndi kulera. Deon amamukonda Chappie, amamubweretsera penti ndi buku, amamulonjezetsa kuti sadzachita zaupandu, kenaka n'kubwerera kuntchito. Ninja ndiye amatsala naye usana ndi usiku. Amamuphunzitsa kayendedwe ndi kayankhulidwe ka zigawenga, n'kumunamiza kuti kubaya munthu n'kungomugoneka tulo. Pomaliza, wopambana ndi amene anali pafupi.

Ife a kugombe lino nkhaniyi tikuidziwa. Bambo amatumiza ndalama, foni ndi malata kuchokera ku Joni, ndipo sitikunyoza thukuta lawo. Koma mnyamata wawo amaswera kudoko ndi kuvidiyo, ndipo woumba khalidwe lake ndi amene wakhala naye pabenchi. Akuluakulu anati mmera mpoyamba.

Filimuyi ili ndi zofooka ziwiri zazikulu. Choyamba, Joni wake alibe anthu amene ife timawadziwa: ogwira ntchito m'mashopu, osoka zovala, osamalira maluwa m'nyumba za eni. Patangotha mwezi filimuyi itatuluka, mu Epulo 2015, alendo anayamba kumenyedwa ku Durban ndi ku Johannesburg, mpaka boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga nzika zake. Mantha oterowo mufilimumu mulibe. Muli phokoso la mfuti basi.

Chachiwiri ndi mathero ake. Atatha kutifunsa chifukwa chake cholengedwa chiyenera kufa, Blomkamp athawa funso lake lomwe posamutsira umunthu wa Deon m'thupi la loboti, ngati munthu akukopa nyimbo pa memori khadi. Imfa ikasanduka vuto la makina, misozi imene tinakhetsa kumayambiriro imataya mtengo wake.

Chappie si filimu ya ana, pakuti muli kutukwana ndi mwazi wambiri. Koma makolo, agogo ndi amalume otsala pamudzi angachite bwino kuionera. Ikatha, aliyense adzifunse kuti mwana wa pakhomo pake waswera ndi yani lero.