Zinsinsi ziwiri m'buku limodzi

Buku lofufuza mlandu ntchito yake ndi kuulula. Wina wafa, wina akunama, ndipo wowerenga amadikira tsamba limene zonse ziyalidwe pambalambanda. Angeline Boulley, mayi wa mtundu wa Ojibwe ku Michigan, sanatsate lamuloli lonse m'buku lake la achinyamata, Firekeeper's Daughter (2021), ndipo luso lake lagona pomwepo.

Daunis Fontaine, mtsikana wa zaka 18 wa ku Sault Ste. Marie, akuona ndi maso ake mnzake wapamtima akuwomberedwa. A FBI akumupempha kuti awathandize mobisa kupeza amene akumwaza mankhwala ozunguza bongo a meth pakati pa anthu ake. Iye akuvomera, koma sakuwauza zonse. Za chigawenga akuulula. Zina za mankhwala ndi mwambo wa makolo akusunga mumtima, pakuti boma limene a FBI amaligwirira ntchito ndi lomwelo limene kale linkalanda ana a mtundu wake n'kuwatsekera m'sukulu zogonera komweko kuti aiwale chinenero chawo. Bala limenelo Boulley salilalikira. Timaliona mwa agogo a m'nkhaniyi, ndi mwa Daunis pamene m'mawa akuthira fodya pansi popemphera asanayambe kuthamanga.

Bukuli ndi lalitali, ndipo chibwenzi cha Daunis ndi wapolisi wobisala chimachedwetsa nkhani. Komabe ndikukhumba mlembi wa kwathu ataliwerenga. Kuchokera ku Likuni, kumene ansembe a White Fathers anamanga mishoni nthawi ya atsamunda, kukafika ku Mitundu ndi ku Nathenje, aliko mabanja amene agogo anali akuluakulu a kudambwe, mwana wawo n'kukhala mphunzitsi wa katekisimu, ndipo wolowa gule ankamanidwa masakramenti. Mdzukulu amakula osadziwa chifukwa chimene pamaliro a agogo ena anaimba nyimbo za tchalitchi ena n'kumadikira zilombo kuseri. Ngakhale UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, kusayankhulana kumeneko sikunathe.

M'buku la kwathu lotere, mnyamata wa ku Mitundu wofufuza imfa ya mnzake akhoza kulondola mapazi mpaka pamsitu wa kumanda. Mlembi waulesi adzavula chilombo chigoba kuti owerenga adzidzimuke. Wodziwa ntchito adzagwiritsa wakuphayo, amene anabisala kumbuyo kwa mwambo, za kudambwe n'kuzisiya kudambwe, ndipo adzafunika mnyamata wometa kuti akhale wofufuza wake.