Mawu a Gould pansi pa piyano

Chipinda chomwe ndimachita lendi ku Capital Park chili pafupi ndi siteshoni ya Rovos Rail, moti usiku ukazizira, kulira kwa sitima kumalowera pazenera. Nthawi imeneyo ndi yomwe ndimavala mahedifoni n'kumvera Goldberg Variations ya Bach, nyimbo yomwe inasindikizidwa mu 1741. Imayamba ndi kanyimbo kofatsa kotchedwa Aria, kenaka Bach amakatembenuza maulendo 30, pomaliza kanyimbo kaja n'kubweranso.

Glenn Gould wa ku Canada anaijambula mu situdiyo kawiri, konseko ku New York. Ya 1955 ndi ya mnyamata wa zaka 22, ndipo imatha m'mphindi pafupifupi 38. Zala zimathamanga ngati madzi a m'mathithi, koma palibe liwu lomwe limameza linzake. Dzanja lamanzere limamveka palokha, lamanja palokha, ngati anthu awiri akucheza mosalandana mawu. Ya 1981 imatenga mphindi pafupifupi 51. Mwa zina n'chifukwa choti amabwereza zigawo zomwe poyamba anangodutsa kamodzi, komanso n'chifukwa choti munthuyo anali atasiya kufulumira. Aria yomwe kale sinkakwana mphindi ziwiri, pano imapitirira zitatu. Amagunda liwu limodzi n'kulisiya lizilala lokha asanagunde lina. Gould anamwalira mu Okutobala 1982, chimbalecho chitangotuluka kumene.

Ine ndimakonda yachiwiriyi, ndipo chifukwa changa ndi chomwe ambiri amachiyesa chilema. Pansi pa piyano pamamveka munthu akuyimba chapansipansi, mawu okhuthala, nthawi zina osalondola n'komwe. Ndi Gould mwini. Akatswiri ojambula ankavutika nawo mawuwa, osatha kuwachotsa. Nditawamva koyamba ndinavula mahedifoni poganiza kuti ndi aneba kuseri kwa khoma. Nditawavalanso ndinakumbukira agogo ena akwathu ku Nsanje omwe ankayimba bangwe atakhala pamkeka, chibwano chitatsamira pachifuwa, kukhosi kukuyenda limodzi ndi zingwe. Kwathu woyimba chida samatseka pakamwa. Ndipo mukamvetsetsa bwino, Gould nthawi zambiri sayimba mawu apamwamba omwe tonse tikuwatsata. Amatola mzere wamkati, wobisika, n'kuunyamula ndi kukhosi. Akatero khutu langa limapita komweko, ndipo ndimamva kamangidwe ka Bach komwe ndekha sindikanakapeza.

Chimbale china chomwe chanditengera masabata ndi Where is Home cha Abel Selaocoe, woyimba cello wobadwira ku Sebokeng, chomwe chinatuluka mu 2022. Iye anaphunzira ku Royal Northern College of Music ku Manchester, koma mawu ake sawabisa ayi. Amayika nyimbo za Bach ndi Platti pambali pa zopeka yekha za m'Chisotho, n'kumayimba ndi kukhosi kwakuya, uku akumenya thupi la chidacho ndi chikhatho. Pomwe amandigwira mtima kwambiri ndi pamene watsitsa zonse, uta ukukoka chingwe pang'onopang'ono mpaka kumveka kukhuza kwake, mpweya wake ukulowa mzere usanayambe. Pali malo ena pomwe ndimaona kuti zachuluka, mawu ndi zida zikupikisana, Bach n'kutsalira kumbuyo. Pamenepo ndimabwerera kwa Pablo Casals, yemwe anajambula nyimbo zisanu ndi imodzi za Bach za cello pakati pa 1936 ndi 1939. Zojambulazo zimachita phokoso ngati mvula yowaza padenga la malata, ndipo uta wake ndi waukali, koma liwu lililonse amalikoka ngati munthu wodziwa komwe akupita.

Dzulo usiku ndinaikanso Aria yomaliza ya 1981. Sitima inalira chapakati, ine osaimitsa. Piyano inatsika mpaka kutsala pang'ono kuzimirira, ndipo pansi pake bambo uja anali akuyimbabe.